Chikalata cha madandaulo: mayina athu akusochera posamutsidwa m'makompyuta

Kupita kwa: Bwanamkubwa wa boma la Chiradzulu ndi makhansala onse a khonsolo
Kudzera kwa: Mafumu aakulu a madera athu
Kuchokera kwa: Mamembala a makomiti a chitukuko m'midzi, makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi achinyamata amene tidagwira ganyu ya kalembera kwa Likoswe, Kadewere, Mpama ndi Nkalo

Bwana,

Tabwera pamaso panu ndi nkhani yomwe tayenda nayo mpaka mapazi kutupa osapeza woimva. Ikukhudza mabanja amene adalembedwa bwinobwino m'kaundula wa thandizo, ife tikuona ndi maso athu, koma pa tsiku lolandira mayina awo adasowa. Ena adatuluka ndi zaka zolakwika, ena adapezeka ali m'mudzi wa eni. Tikafunsa, yankho limakhala limodzi lokha: "Ndi sisitimu." Bwana, sisitimu ilibe ofesi yoti tikagogodepo. Koma idalembedwa ndi munthu, ndipo tsopano tadziwa pomwe munthuyo adaphonya.

Inu mukudziwa bwino zomwe namondwe wa Freddy adatichita mu Malichi 2023. Matope ochokera kuphiri adakwirira anthu ndi nyumba kwa Ntauchira, ndipo m'madera ambiri chimanga ndi nandolo zidapita ndi madzi. Pambuyo pake mabungwe adabwera kudzatigwira mkono, ndipo sitidzaiwala. Limodzi mwa iwo, lomwe dzina lake talisiya dala m'kalata ino ndipo tidzakuuzani pamaso, lidalemba ana athu ganyu yoyenda khomo ndi khomo ndi matabuleti. Ntchitoyo adaigwira mokhulupirika. Amfumu ankakhalapo, akomiti ankakhalapo, mwini nyumba ankayankha yekha. Vuto lidabadwa pambuyo, pamene zolembedwazo zidachotsedwa m'pulogalamu ya kalembera kupita m'pulogalamu ina yokonzera malipiro, yomwe bungwelo lidagula ku kampani ina.

Pakati pathu pali achinyamata amene adaphunzira zolemba mapulogalamu. Iwo adayika mindandanda iwiriyo pamodzi, wakale ndi watsopano, n'kuyamba kufananitsa dzina ndi dzina. Kenaka adacheza ndi mmodzi mwa akatswiri a kampaniyo, amene sadabise. Zomwe adapeza tikuuzani m'mawu athu, pakuti sizovuta monga momwe amatiopsezera.

Pulogalamu iliyonse imakhala ndi maonekedwe ake a momwe imasungira munthu. Olemba mapulogalamu amati class, ndipo ili ngati fomu yosalembapo kanthu yokhala ndi timabokosi: ka dzina, ka zaka, ka mudzi. Fomuyo ikadzazidwa ndi za munthu mmodzi amati object, ndipo kabokosi kalikonse amati property. Mapulogalamu awiri olembedwa ndi anthu osiyana sakhala ndi fomu yofanana. Tsono posamutsa anthu masauzande, wolemba pulogalamu ali ndi njira ziwiri. Akhoza kukhala pansi n'kulemba kabokosi ndi kabokosi kuti aka kapita apa, aka kapita apo. Kapena akhoza kuitana chida chomwe chimangoyang'ana mayina a timabokosi: chikapeza dzina lofanana mbali zonse ziwiri, chimakopera zomwe zili m'katimo, chikapanda kulipeza chimadumpha. Njira yachiwiriyi ndi mzere umodzi wokha wolemba. Ndiyo adasankha, ndipo palibe adabwerera kukaona chomwe chatuluka.

Chotiwawa kwambiri ndi ichi. M'fomu ya kalembera mudali kabokosi kotchedwa "status", ndipo kankafunsa za banja: 1 kutanthauza ali pabanja, 2 wamasiye, 3 banja lidatha. M'pulogalamu ya malipiro mudalinso kabokosi ka dzina lomwelo, koma kumeneko 1 amatanthauza kuti munthu ali pamndandanda wolandira, 2 wachotsedwa, 3 waimitsidwa kaye. Dzina limodzi, manambala okhaokha mbali zonse, choncho chidacho chidakopera mosadodoma. Amayi amasiye, omwe thandizolo lidabwerera iwo poyamba, adasanduka ochotsedwa. Amayi osiyidwa ukwati, amene akulera ana okha pamudzi pa makolo awo monga mwa chikhalidwe chathu kuno, adasanduka oimitsidwa. Kompyutayo sidaone cholakwa chilichonse, pakuti idauzidwa kuyang'ana dzina, osati tanthauzo.

Ena mwa ife tidalipo pabwalo la sukulu tsiku lolandira. Panali mayi wina wachikulire amene mwamuna wake adapita ndi madzi aja. Adafika m'mamawa atamanga chiphaso chake cha unzika pa mfundo ya chitenje, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kudikira dzina. Mayina a m'mudzi mwake adaitanidwa onse, la mnzake woyandikana naye nyumba, la mlamu wake, lake ayi. Dzuwa litapendeka adanyamuka kukafunsa patebulo. Kalaliki adatembenuza laputopu, n'kumuonetsa dzina lake lili pomwepo, pambali pake patalembedwa kuti wachotsedwa. Mayiyo adangofunsa kuti, "Wandichotsa ndani, mwanangu? Ndalakwanji?" Kalalikiyo adasowa chonena. Sitikumuimba mlandu, nayenso adangolandira mndandanda.

Kusochera kwina kudachitika mwakachetechete. Kabokosi kofunsa ngati pakhomo pali munthu waulumali kankatchedwa "disabled" m'fomu yoyamba, koma "hasDisability" m'pulogalamu yachiwiri. Mayina atasiyana, chidacho chidadumpha osanena kanthu. Tsono m'zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Java ndi C#, kabokosi ka inde kapena ayi kakasiyidwa osadzazidwa kamakhala pa ayi, ndipo ka nambala kamakhala pa 0. Zotsatira zake, mndandanda watsopano ukunena kuti m'midzi mwathu mulibe munthu waulumali ngakhale mmodzi. Chomwecho chidachitikanso ndi zaka, ndipo agogo a imvi mbuu adatuluka ali ndi zaka 0, pulogalamu n'kuwakana kuti khanda silingakhale mutu wa banja. Kabokosi kopanda kanthu kakadaoneka kuti n'kopanda kanthu, wina akadafunsa. Koma 0 ndi ayi zimaoneka ngati mayankho enieni, ndipo pepalalo lidasindikizidwa mwaudongo, lili ndi chidindo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masiku obadwa nawo adatembenuka. Kuno timayamba ndi tsiku kenaka mwezi, pomwe mapulogalamu ena amatsata kalembedwe ka ku America koyamba ndi mwezi. Wobadwa pa 5 Sepitembala, mwachitsanzo, adasanduka wa pa 9 Meyi, ndipo pofananitsa ndi chiphaso chake adamubweza kuti si iye. Kabokosi ka "village" nako kwina kankasunga mudzi wa nyakwawa, kwina wa gulupu, anthu n'kumakafunidwa kumalo komwe sakhala.

Bwana, si kuti zimenezi n'zachilendo kwa odziwa ntchitoyi. Zida zokopera motere zilipo zambiri ndipo zimathandiza zikagwidwa ndi munthu wosamala. Ku Java kuli BeanUtils ya Spring ndi BeanUtils ya Apache Commons, zonse zili ndi lamulo lotchedwa copyProperties, koma ya Spring imayamba ndi kochokera kenaka kopita, pomwe ya Apache imayamba ndi kopita kenaka kochokera. Wosokoneza ziwirizi akhoza kukopera fomu yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza. Eni ake a Spring adalemba poyera kuti kabokosi kosowa mnzake kumbali inayo kamangodumphidwa popanda chenjezo. Ndipo mankhwala ake aliponso. AutoMapper, yomwe Jimmy Bogard adayambitsa ku mbali ya C#, ili ndi njira yoyesera yomwe imakuwa ngati pali kabokosi kopitako komwe katsala kopanda gwero. MapStruct ya ku Java ikhoza kuuzidwa kuti ikane kumanga pulogalamu yonse mpaka kabokosi kalikonse katadziwika kochokera. Zimenezi zikadagwira vuto la aulumali ndi la zaka tsiku lomwelo. La amayi amasiye palibe chida chikadaligwira, pakuti mayina adafanana ndithu. Lidafunika munthu wotenga mabanja ochepa, kuwadutsitsa m'pulogalamuyo, n'kuwerenga chomwe chatuluka ali ndi wakomiti pambali. Ntchito ya tsiku limodzi. Sidachitike chifukwa adaona kuti anthu akumudzi sadzadziwa kufunsa.

Mtolo wa cholakwachi wasenzedwa ndi ife. Mafumu athu akunenedwa kuti adadya ziphuphu n'kufufuta mayina a amasiye. Akomiti ena adasiya kupita kumaliro a m'midzi ina poopa mawu. Ana athu amene adayenda ndi matabuleti akulozedwa zala kumsika wa ku Mbulumbuzi ndi ku Namitambo kuti ndiwo adagulitsa mayina. Pachibale padalowa chidani chomwe sichidzatha ndi thumba la ufa. Ndipo ntchito ina ya kalembera ikadzabwera, kaya ya boma kaya ya bungwe, anthu adzatseka zitseko.

Tili ndi mantha enanso. Boma lino lili ndi anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo pafupifupi aliyense dzina lake lili m'kompyuta ina yake: ya chiphaso cha unzika kuyambira kalembera wa 2017, ya sukulu, ya zipangizo zaulimi, ya kuchipatala. Kuno ku Chiradzulu ndi kumodzi komwe ma ARV adayamba kuperekedwa ulere, mu 2001, mothandizidwa ndi a Médecins Sans Frontières, ndipo abale athu ambiri ali moyo lero chifukwa zolembedwa zawo zidasungidwa mosamala. Sitikunena kuti kumeneko kwalakwika kanthu. Tikunena kuti mapulogalamu amasinthidwa, mabungwe amachoka n'kusiyira ena, ndipo kusamutsa kulikonse kochitika mosasamala ngati komwe taona kukhoza kutembenuza tsiku lolandira mankhwala kapena mtundu wa mankhwalawo. Pamenepo sipadzakhalanso pokadandaula.

Malamulo a dziko ali kumbali yathu. Lamulo loteteza zinsinsi ndi mbiri za anthu la 2024, lomwe oliyang'anira ndi a MACRA, limapatsa munthu ufulu woona zomwe zalembedwa za iye ndi wouza wozisunga kuti akonze zolakwika. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limati munthu apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chiganizo cha aulamuliro chakhudza ufulu wake. Tikukhulupirira kuti aliyense wogwira ntchito m'boma lino ndi chilolezo cha khonsolo ayenera kuyenda m'mapazi omwewo.

Choncho tikupempha, Bwana, kuti muitane bungwelo ndi kampani yake pamaso pa komiti ya khonsolo, ife tilipo, ndipo abwere ndi mindandanda yonse iwiri. Mabanja onse amene adagwa chifukwa cha kusamutsaku abwezeretsedwe, ndipo alandire zonse zomwe adaphonya, osati kungoyambira pomwe pali lero. Asawauze kuti alembetsenso. Adalembetsa kale, ndipo zoona zake zikadali m'kaundula woyamba.

Tikupemphanso kuti bungwelo libwere m'midzi momwe lidaitanira mayina, lidzanene ndi pakamwa pake kuti mafumu, akomiti ndi achinyamata a kalembera sadafufute munthu. Kalata yopita kuofesi siingachotse manyazi omwe adagwera pabwalo.

Pempho lathu lalikulu ndi la m'tsogolo. Khonsolo ikhazikitse lamulo loti bungwe lililonse lofuna kusamutsa mayina a anthu a ku Chiradzulu kuchoka m'pulogalamu ina kupita m'inzake liyambe lapereka pepala losonyeza kabokosi kalikonse, komwe kakuchokera, komwe kakupita, ndi tanthauzo la nambala iliyonse m'mbali zonse ziwiri. Pepalalo lilembedwenso m'Chichewa kuti wakomiti athe kuliwerenga. Pulogalamu yosamutsayo ikonzedwe moti ikakumana ndi kabokosi kopanda mnzake iziima n'kuchenjeza, isamadzaze 0 kapena ayi mwa yokha. Akatha kusamutsa awerengetse: amasiye adalowa angati, atuluka angati, aulumali adalowa angati, atuluka angati, mudzi ndi mudzi. Kaundula woyamba asafufutidwe. Ndipo ndalama kapena ufa zisanatuluke, mndandanda watsopano uwerengedwe pabwalo la amfumu, dzina ndi dzina, pamodzi ndi la aliyense amene wachotsedwa ndi chifukwa chake.

Pomaliza, pakhale munthu wodziwika dzina ndi nkhope amene wosochera m'kompyuta angapiteko, wokhala ndi mphamvu yokonza, ndipo azifika m'madera. Mayi wa kwa Nkalo asamagulitse nkhuku kuti apeze thiransipoti yokafunsira cholakwa chomwe sadachite iye. Achinyamata athu odziwa za mapulogalamu adzipereka kuthandiza pa kufananitsaku popanda malipiro, ngati mungawalole.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 21 chilandirireni kalata ino, kudzera kwa mafumu athu. Masiku amenewa akadutsa tili chete, tidzapita nayo nkhaniyi kwa a MACRA ndi ku ofesi ya Ombudsman, ndipo tanena izi poyera kuti musadzamve kwa ena. Mindandanda iwiri ija, yokhala ndi mizere yofiira pa banja lililonse lomwe lidasochera, tidzaipereka m'manja mwanu tsiku lomwe mudzatiitane.

Ife anu,

Mamembala a makomiti ndi achinyamata a kalembera, amene tasaina ndi kudinda zala pa masamba omwe talumikiza ku chikalata chino.