Chikalata cha madandaulo chimalimbitsa ndani?

Zionetsero zambiri m'dziko muno zimathera pakhomo la ofesi ya DC. Anthu amayenda akuimba, mtsogoleri wawo n'kupereka chikalata cha madandaulo, bwana n'kulonjeza kuti achitumiza kwa akuluakulu. Aliyense amabwerera kwawo mtima uli m'malo. Koma ine ndimaona kuti nthawi zambiri wopindula pamwambowu ndi wolandira uja.

Mbiri ya kuno ku Chiradzulu ikutiphunzitsa zimenezi. Mu November 1914, John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo, ndipo pa 23 January 1915 anthu ake anaukira. Kuukirako kutalephereka, njira yotsala inali ya makalata. Aphunzitsi, abusa ndi makalaliki a m'mabungwe otchedwa Native Association ankalembera bwanamkubwa ku Zomba za msonkho, thangata ndi maphunziro. Ankalemba modzichepetsa, posonyeza kuti ndi okhulupirika ku boma la Britain. Kalata iliyonse, ngakhale yodandaula chotani, inkavomereza kuti woyenera kugamula nkhani zathu ndi mzungu wa ku Zomba.

Olamulira anaidziwa kalekale nzeru imeneyi. Ku Italy, Cosimo de' Medici, amene anayamba kulamulira Florence mu 1537, ankalandira makalata ochuluka a akaidi, angongole ndi amayi amasiye. Akakhululukira mmodzi, anthu ankati ndi chisomo cha mfumu. Wothandizidwayo ankachoka akuthokoza, mfumu n'kudziwiratu zomwe zikuchitika m'dziko lake.

Sindikunena kuti makalatawo anali achabe. M'mabungwe aja ndi momwe anthu anaphunzira kukambirana ndi kulankhula ndi mawu amodzi, mpaka kubadwa kwa Nyasaland African Congress mu 1944.

Vuto ndi lakuti kalembedwe ka nthawi ya atsamunda tidakali nako. Timapempha mankhwala m'chipatala kapena kukonzedwa kwa msewu ngati tikupempha chifundo kwa bambo wathu. Pomwe malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu. Mwini munda sagwadira waganyu.

Choncho chikalata chathu chizitchula lamulo lomwe laphwanyidwa, ofesi yoyenera kuyankha ndi tsiku lomwe tikufuna yankho. Tsikulo likakwana tizibwererako kukafunsa, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikangosiya pepala n'kumapita, ndiye kuti tangomukumbutsa bwana kuti ndi bwana.