NCHITO YOKONGOLETSA NKHOPE IFUNA SUKULU YODZIWIKA KU BOMA

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, maukwati nawonso amaculuka. Pafupifupi pa Ciweru ciri conse pamakhala ukwati kapena kicheni pati, ndipo mkwatibwi pamodzi ndi omuperekeza ake amafuna munthu wowakongoletsa nkhope. Nchito imeneyi, imene ambiri aicha mekapu, kale inali kudziwika ku Lusaka ndi ku Migodi, koma lero yafika pa Boma pa Katete, pa msika wa Sinda, kufikira ku midzi ya kumalire ku Vubwi. Atsikana ambiri otsiriza sukulu aona kuti muli ndalama, ndipo ali kupempha makolo awo kuti awalipirire maphunziro ake. Pempho lotere ndi labwino. Koma kholo lisanagulitse matumba a nsawa kapena ng'ombe ya m'khola, liyenera kudziwa sukulu imene mwana afuna kupitako ndi pepala limene adzabwera nalo.

Kukongoletsa thupi si cinthu cacilendo pakati pa Acewa ndi Ansenga. Amai akale anali kutema mphini, kudzola mafuta a nsatsi ndi kubvala mikanda. Amene amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pa Ciweru cotsiriza ca mwezi wa Ogasiti, amaona anamwali atakongoletsedwa pobvina pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Cofunika kukumbukira ndi cakuti nchito yokonza namwali sinali ya munthu ali yense. Namkungwi sanali kudziika yekha. Anali kuphunzira pansi pa akulu kwa zaka, ndipo mudzi wonse pamodzi ndi nyakwawa unali kumudziwa ndi kumubvomereza. Cibvomerezo cimene mudzi unali kupatsa namkungwi ndico cimene setifiketi yeniyeni imapatsa wophunzira wa lero.

Alipo ena amene amanena kuti sukulu ndi kutaya ndalama cabe. Iwo amati mkwatibwi safunsa pepala, amayang'ana pa kalirole basi, ndipo mtsikana wa manja abwino akhoza kuphunzira zonse pa foni, poonera makanema a pa Facebook ndi YouTube. M'mau amenewa muli coona. Luso la manja ndi diso lodziwa kusankha phoda yogwirizana ndi khungu sizicokera m'pepala, ndipo alipo odziphunzitsa okha amene amagwira nchito yosiririka. Koma kanema wa pa foni amaonetsa nkhope imodzi yokonzedwa bwino m'nyumba yozizira. Sanena cimene cidzacitika pa nkhope ya namwali amene adzakhala pa dzuwa la mwezi wa Okutobala kucokera ku chalichi kufikira madzulo, ndiponso sangayankhe wophunzira akalakwitsa.

Cacikulu koposa ndi cakuti nkhope ndi thupi la munthu, ndipo wokongoletsa amagwira pafupi ndi maso ndi pakamwa. Burashi imodzi yosatsuka ikayenda pa nkhope za operekeza asanu ndi mmodzi ikhoza kugawa cipere kapena matenda a maso ofiira. Lipisitiki imodzi yopaka milomo ya anthu ambiri ikhoza kufalitsa zironda za pamilomo. Guluu womatira nsidze zoikirira ndi mankhwala odetsera tsitsi amatupitsa khungu la anthu ena, ndipo ndico cifukwa cace wophunzitsidwa bwino amayamba wayesa pang'ono kuseri kwa khutu, nayembekeza masiku awiri. Ukhondo wa zipangizo, mitundu ya khungu ndi zizindikiro zosonyeza kuti munthu uyu ayenera kupita ku cipatala ndizo zinthu zimene sukulu yabwino imaphunzitsa ndi kuyesa pa mayeso.

Palinso nkhani ya mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika. Ambiri a iwo ali ndi mankhwala a mercury, hydroquinone kapena a steroid. Madokotala a ku South Africa analongosola m'caka ca 1975 momwe hydroquinone imasiyira mawanga akuda osacoka pa nkhope, ndipo dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola m'caka ca 1990. Mercury imaononga impso ndi mitsempha, ndipo imafika ngakhale kwa mwana ali m'mimba. Dziko la Zambia linabvomereza mu 2016 pangano la maiko la Minamata, limene limaletsa mercury m'zodzoladzola. Wokongoletsa nkhope ndiye amene amai amamufunsa kuti adzole ciani. Ngati sadziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo, adzagulitsa poizoni kwa abale ake omwe, iye nayesa kuti awathandiza.

Tsono sukulu yoyenera ndi iti? Lamulo la m'caka ca 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, limene nchito yake ndi kulembetsa masukulu ophunzitsa nchito zamanja, kubvomereza maphunziro awo ndi aphunzitsi awo, ndiponso kuyendetsa mayeso. Maphunziro a zokongoletsa tsitsi, khungu ndi nkhope, amene m'masukulu amachedwa cosmetology, ali m'gulu limeneli. Pali mapepala a Trade Test, amene ali ndi makwerero atatu, ndipo pamwamba pake pali Craft Certificate ndi Diploma. Mapepala amenewa amasiyana kutali ndi kapepala kamene mwini saluni amasindikiza yekha pakutha pa masabata awiri, konena kuti uje anapezekapo pa maphunziro. Kapepala kotere kakhoza kukhala ndi maluwa m'mbali ndi cidindo cagolide, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana akapita nako kukafuna nchito ku hotela, ku saluni yaikulu ya ku Chipata kapena ku nyumba ya wailesi yakanema, kapena akafuna kupitiriza maphunziro, adzapeza kuti kalibe mphamvu. Ndalama za thonje zidzakhala zitapita.

Kusiyana kumeneku kumaonekanso pa thandizo la Boma. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwa kuti lilipirire acinyamata osowa amene afuna kuphunzira nchito zamanja. Madera a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi onse analandira gawo lao. Pempho limayamba ku komiti ya citukuko ya pa wadi, nilipita ku khonsolo. Thandizoli linakonzedwa kuti lipite ku masukulu olembetsedwa ku TEVETA ndi ku malo ophunzitsira a Zambia National Service. Motero mtsikana amene asankha sukulu yosadziwika ku Boma amadzitsekera yekha khomo limene likanapeputsa katundu wa makolo ake.

Safunsa anadya phula. Kholo lanzeru liyenera kufika pa sukulupo lokha, kapena kutuma mtsibweni wodziwa kuwerenga, ndi kufunsa zinthu zinai. Coyamba, aonetsedwe cikalata ca TEVETA cosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ndi kuti nthawi yace siinathe. Caciwiri, afunse ngati maphunziro a zokongoletsa omwewo anabvomerezedwa, pakuti sukulu ikhoza kuloledwa kuphunzitsa utelala koma yosaloledwa kuphunzitsa zina. Cacitatu, adziwe amene adzapereka mayeso ndi dzina limene lidzalembedwa pamwamba pa setifiketi. Cacinai, aone ndi maso cipinda cophunziriramo: ngati muli madzi, akalirole ndi zipangizo zokwanira, ndiponso ngati ophunzira amagwira nkhope za anthu kapena amangolemba m'mabuku. Ndalama ziri zonse zolipira zikhale ndi risiti. Sukulu yoona siikwiya ndi mafunso otere. Imene ifulumiza kholo kuti lilipire lero lomwe, kuti malo ali pafupi kutha, ndiyo yofunika kuicenjerera.

Amai amene agwira kale nchitoyi kwa zaka popanda pepala asataye mtima. TEVETA ili ndi njira yoyesa luso limene munthu analiphunzira pa nchito, kotero kuti akhoza kulemba mayeso a Trade Test popanda kuyambanso pansi. Amene ali ndi saluni pa Katete kapena pa Sinda angacite bwino kutsata njira imeneyi, cifukwa atsikana amene amawathandiza nchito adzatengera citsanzo cao.

Makomiti a pa wadi nawo asanyoze mtsikana wopempha maphunziro a zokongoletsa, ngati kuti nchito yeniyeni ndi ukalipentala ndi umakanika wokha. M'cigawo cino ca Kum'mawa atsikana ambiri akhala akukwatiwa ali ana cifukwa cosowa cocita, ndipo lamulo la maukwati linasinthidwa mu 2023 kuti ukwati uli wonse wa munthu wosafika zaka 18 ukhale wosaloledwa, ngakhale wa pa mwambo. Lamulo limaletsa, koma nchito ya m'manja ndiyo imapatsa mtsikana mphamvu yodikira. Maphunziro a TEVETA amaphatikizapo kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo wotsiriza bwino amadziwa kuika mtengo, kusunga mabuku ndi kupatula ndalama zogulira katundu wina.

Setifiketi payokha siikongoletsa munthu, ndipo waulesi adzakhala waulesi ngakhale ataipacika pa khoma. Koma pamene luso liripo kale, sukulu yobvomerezeka imalionjezera ukhondo, cidziwitso ndi dzina lodalirika. Makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amasankha mbewu mosamala asanabzale, nafunsa alangizi a zaulimi ngati mbewuyo ndi yobvomerezeka. Sukulu ya mwana isankhidwe ndi cisamaliro comweco.