Manganje akamadutsa pa Manje

Sukulu zikatsekera m'mwezi wa Ogasiti, ng'oma za manganje zimayamba kumveka kunsi kwa phiri la Soche. Guleyu ndi wa Ayao, woperekeza anyamata ku jando ndi kuwalandira potuluka ku ndagala. Koma ku Manje, monganso ku Bangwe ndi ku Ndirande, ng'oma sifunsa mtundu. Mlomwe, Mngoni ndi Msena onse amalowa m'gulu.

Amene anamuonapo mnyamata wa ng'oma atanyowa ndi thukuta, wezulo ikulira, fumbi lili koboo, akudziwa mphamvu ya guleyu. Mayi wogulitsa mandasi amavundikira beseni lake, n'kumanga chitenje m'chiuno. Wakabaza amaimika njinga kuti aponyeko mwendo. Anthu olimbirana malo pampopi m'mamawa amapezeka akuyankha nyimbo imodzi madzulo. Ife amene tinaika maliro limodzi matope atatsika m'phiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sitingachipeputse chinthu chotisonkhanitsa popanda misozi. M'tauni momwe chisangalalo chambiri n'cholipira pakhomo, manganje ndi aulere, ndipo mwana wobadwira m'nyumba ya lendi amaphunzirapo kuti ali ndi kwawo.

Komabe odandaula nawonso ali ndi mfundo. Nyumba za kuno n'zothithikana, khoma kugundana ndi khoma. Gulu likachezera usiku wonse, wodwala sagona, khanda limalira, ndipo mlonda wogwira ntchito usiku wotsatira amapita ali ndi tulo m'maso. Nyimbo zina n'zolaula, zoti kale zinkathera kusimba, koma lero zimaimbidwa pamsewu ana aang'ono akuyankhira. Pali achinyamata ena amene amalowa m'gulumo ataledzera, n'kumatseka msewu kapena kugwiragwira atsikana. Kholo limene mwana wake wamkazi watsatira ng'oma mpaka mdima silingauzidwe kuti lingosangalala chifukwa ndi chikhalidwe.

Tikaunika bwino, zodandaulazi sizikuchokera m'ng'oma ayi. Kumudzi gule amakhala ndi eni ake: angaliba, anankungwi ndi mfumu, odziwa nthawi yoyamba ndi yoleka, otha kudzudzula mwana wa aliyense. M'tauni ng'oma inabwera, koma akuluakulu oiyang'anira anachepa. Kuletsa manganje kungakhale kulanda osauka chimwemwe chawo. Kuwasiya opanda mwini kungachititse kuti anthu adane nawo, pakuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Choncho mafumu a m'madera athu ndi makolo a anamwali agwirizane zinthu zochepa: gule azitha nthawi yabwino, akuluakulu aziyenda nawo kutsogolo ndi kumbuyo, nyimbo zakusimba zizitsalira kusimba, ndipo pakhomo pamene pali matenda kapena maliro gulu lizidutsa ng'oma itatsitsidwa. Kukoma kwa manganje n'kwakuti amakoka aliyense. Ayeneranso kuganizira gogo amene wagona pamphasa kuseri kwa khoma, yemwe anavinapo guleyu pa utsikana wake ndipo lero akungofuna tulo.