Za Kunenepa Kumene Tikuyesa Ulemerero

Kwa Mafumu athu olemekezeka ndi abale onse a Msonkhano,

Tipempha cilolezo canu kuti tinene mlandu umene sunafike pa bwalo liri lonse, ngakhale watenga anzathu ambiri asanamere imvi. Ndiwo mlandu wa kunenepa kopitirira muyeso.

Mwambo wathu muudziwa. Munthu akabwera kucokera ku tauni mimba iri patsogolo, timlonjera ndi kuti, "Mwanenepatu, zinthu zikukuyenderani." Sitinyoza mwambo umenewu, pakuti mtundu wathu udziwa njala, monga ija ya 1949 ndi ya 2002. Ndiponso kuyambira 1985, pamene Edzi inapezeka m'dziko muno, munthu akaonda amalozedwa zala, cotero ambiri aopa kucepa thupi koposa kuopa manda. Koma thupi limene linali cizindikiro ca nkhokwe yodzaza lasanduka khomo la matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa kwa ziwalo ndi kuwawa kwa maondo. Oipa koposa ndiwo mafuta a pamimba, pakuti akuta ciwindi ndi matumbo, naletsa thupi kumvera insulini, imene nchito yace ndiyo kucotsa shuga m'magazi.

A World Health Organization anawerenga kuti m'caka ca 2022 munthu 1 mwa anthu 8 pa dziko lonse lapansi anali wonenepa moopsa. Musayese kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. Kafukufuku wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti akazi 21 mwa 100 a m'Malawi, a zaka 15 kufikira 49, anali atapitirira muyeso. Ndipo wina wa 2009 anaonetsa kuti wamkulu 1 mwa 3 anali ndi kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa konse.

Kodi agwidwa ndani? Ndife amene, alembi, aphunzitsi ndi a masitolo. Khasu tinalisiya, koma mbale ya munthu wolima sitinaisiye. Titsotsa pa mpando kuyambira m'mawa, masana tidya mitanda yoyenera wopalira munda. Mgaiwa tinaunyoza kuti ndi wa akaidi ndi ana a sukulu, ndipo gaga, amene akhutitsa msanga nacedwetsa shuga kulowa m'magazi, tipatsa nkhuku. Botolo limodzi la cakumwa cozizira la mamililita 330 liri ndi shuga wokwanira masupuni a tiyi 8, pamene madokotala anena kuti wamkulu asapitirire 12 tsiku lonse.

Inu Mafumu, mtolo wanu ulemera koposa wathu. Pa mudzi uli wonse mufikapo akupherani mbuzi, ndipo kukana mbale ndi cipongwe, ticidziwa. Koma cimene mfumu idya palibe acicha ca aumphawi. Mukaitanitsa mgaiwa, nkhwani wotendera ndi madzi pamaso pa anthu, mlimi amene asauka kugula mabotolo kuti akulemekezeni adzapumula, ndi wodwala shuga sadzacitanso manyazi pa mphasa ya alendo.

Muyeso wace sufuna sikelo. Tengani cingwe, muyese msinkhu wanu kuyambira kumutu kufikira kumapazi, mucipinde pawiri, mucizungulize pamimba pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga zikalephera kukomana, mafuta acuruka. Sitinena kuti munthu adzizunze ndi njala. Ku America madokotala anaonetsa m'caka ca 2002 kuti anthu oyandikira kudwala shuga, pocepetsa thupi pang'ono, monga makilogalamu 6 kwa munthu wa 90, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, anacepetsa ngozi ya matendawo koposa theka.

Mau awa sakhudza ana, amene ambiri a iwo apinimbira cifukwa ca kusowa cakudya coyenera, kapena akazi apakati. Ndipo munthu akaonda mwadzidzidzi, ali ndi ludzu losatha ndi kukodza kawirikawiri, asakondwere. Apite ku cipatala msanga.

Cotero tipempha kuti pa msonkhano ukudzawu cingwe cikhale pa gome la mlembi, ndi kuti ndalama zimene tigulira zakumwa za m'mabotolo zigule nthoci ndi mtedza. Alembi tidzayamba kudziyesa, Mafumu akutipenya.

Ife anu omvera,
Mlembi wa Msonkhano.