Makompyuta Akale Asadye Fumbi, Alumikizeni



M'makomo ena ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli makompyuta awiri kapena atatu amene anabwera ndi abale athu ochokera ku Joni. Ambiri mwa makinawa anangofunditsidwa nsalu ati chifukwa ndi achikale. Chisilamu chimaletsa israf, kumene kuli kusakaza chuma, ndipo kusiya chipangizo chamoyo kuti chidye fumbi ndi kusakaza ndithu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga: makina ofooka akalumikizidwa amathandizana, ina kusunga maphunziro, ina kusindikiza.

Chofunika choyamba ndi kabokosi kotchedwa rauta, komwe kaja kamagawa intaneti m'nyumba. Ntchito yolumikiza makompyuta kamaigwira ngakhale mulibe bandulo, choncho rauta yakale imene mnzanu anaisiya ikukwanira. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo, kawirikawiri 4 olembedwa LAN ndi limodzi lolembedwa WAN. Gulani nthambo za Ethernet za mtundu wa Cat5e, imodzi pa kompyuta iliyonse, ndipo muzilowetse m'mabowo a LAN. Nthambo imodzi isapyole mamita 100. Kanyali kakayamba kuphethira pa rauta, dziwani kuti nthamboyo ili bwino.

Rauta imapatsa kompyuta iliyonse nambala yakeyake, monga 192.168.1.5. Kuti muione, tsekulani Command Prompt ndi kulemba mawu oti ipconfig. Zigawo zitatu zoyambirira za nambalayi ziyenera kufanana pa makina onse, chomaliza chokha ndicho chisiyane. Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo siinalandire nambala kuchokera ku rauta, yang'ananinso nthambo. Kenaka lembani ping ndi nambala ya kompyuta inzake. Ikayankha, makinawo amvana.

Tsono apatseni onse dzina limodzi la gulu. Windows XP Home imabwera ndi dzina loti MSHOME pamene Windows 7 ndi zotsatira zake zimabwera ndi WORKGROUP. Sinthani kuti onse akhale WORKGROUP. Mukatero sankhani kompyuta ya hadi disiki yaikulu kuti ikhale nkhokwe. M'menemo ikani foda imodzi yogawana ndi anzake, yosungiramo mawu ojambulidwa a owerenga Qur'an, maphunziro a tajwid, manotsi a ana a sukulu ndi zithunzi za nikah. Makina osindikizira nawonso angagawidwe chimodzimodzi. Mwana wa ku madrasa angamamvere surah yake uku mkulu wake akulemba za sukulu pa kompyuta ina, popanda kulimbirana kapena kuyendetsa fulashi imene imasenza mavairasi.

Apa mpamene pafunika kutchera khutu. Kampani ya Microsoft inasiya kutseka ziboo za Windows XP mu Epulo 2014, za Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha mu Okutobala 2025. Kompyuta yotere pa intaneti ili ngati nyumba yopanda chitseko m'mbali mwa msewu. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150, nisokoneza ntchito m'zipatala za ku Britain. Inkalowera pa njira yakale yogawanirana mafailo yotchedwa SMB1, ndipo njira imeneyi ndi yokhayo imene Windows XP imadziwa. N'chifukwa chake Windows 11 imabwera njirayi itatsekedwa, ndipo imakana kuonana ndi XP. Wina akakuuzani kuti muitsekule pa kompyuta imene mumatumizira ndalama, kanani.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba, makina onse akale akhale pa rauta yawoyawo, bowo la WAN lopanda nthambo ndipo mopanda simu khadi. Mbala ya pa intaneti siingalowe pamene palibe khomo. Yachiwiri, ngati kompyutayo ndi ya 64-bit ndipo ili ndi RAM yokwana 2 GB, muikemo Linux Mint. Ndi yaulere ndipo imalandirabe chisamaliro. Musanatero koperani mafailo anu onse, pakuti kuikako kungafufute zonse.

Kuno kunyanja tikumbukirenso nyengo. Kutentha ndi fumbi zimapha makina, choncho aikeni pamalo popita mphepo. M'dzinja mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi ndi nthambo zomwe, makamaka nthambo yodutsa panja kuchoka kunyumba kupita ku madrasa, chifukwa mphenzi ikagwa pafupi mphamvu yake imatsata waya.

Pomaliza, makolo anzanga, ana ndi amanah imene Allah anatisungitsa. Makompyutawa akhale pabalaza pamene aliyense akuona, osati kuchipinda. Sinthani mawu achinsinsi amene rauta inabwera nawo, ndipo inu eni ndinu muzisankha zolowa m'nkhokwe ija. Nthawi ya swala ikakwana, makina onse apume.

Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalamu alaikum.