Mphasa yopanda dzina singapikisane ndi pulasitiki

Ntchito yanga kuno ku Dubai ndi yolongedza ndi kutumiza katundu wa amalonda a kumudzi. Ndimakhala ku Deira, komwe Amalawi obwera kudzaoda amakonda kufikira, choncho zolowa m'makontena opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndimaziona asanakhome chitseko: mafoni, nsapato, makatani, matayilosi. Kawirikawiri pamakhalanso mipukutu ya makapeti a makina ndi mikeka ya pulasitiki yowala mitundu, ija mukuiona itayalidwa pa zinkhoswe ndi pa maliro masiku ano. Amalondawa sindikuwadzudzula ayi. Amaoda zomwe anthu akugula, ndipo nanenso ndimadyera pomwepo. Chondiwawa n'chakuti mumzinda womwewu, choyala pansi chimene eni ndalama amachipatsa ulemu ndi chija choluka ndi manja, pamene ife tikuwoloka nyanja kudzatenga zokalanda msika wa amalume athu osoka mphasa.

Mukalowa m'sitolo ya makapeti, kaya ku Bur Dubai kaya ku Central Souk ya ku Sharjah imene ambiri amaitcha Blue Souk, wogulitsa sathamangira kutchula mtengo. Amayamba ndi kwawo kwa kapetiyo. Uyu ndi wa ku Tabriz, uyu wa ku Kashan, wa silika uyu ndi wa ku Qom, awo apo achokera ku Kashmir ndi ku Afghanistan. Akatero amapinda ngodya kuti muone kunsi. Kapeti wa manja maluwa ake amaoneka bwino kunsi ngati pamwamba pomwe, ndipo mfundo zake sizifanana ndendende, ina yonenepako, ina yopendekera pang'ono. Mphonje za kumapeto si zochita kusokerera, ndi ulusi womwe uja woluka adaukunga pa mtanda tsiku loyamba ntchito. Pena utoto umasinthako pakati pa kapeti chifukwa ubweya udanyikidwa pa nthawi zosiyana, ndipo ogula odziwa zinthu amakondwera nazo zimenezo. Mfundo iliyonse munthu adachita kumanga ndi zala n'kudula ndi kampeni, mzere ukatha n'kutsendera ndi chipeso chachitsulo, kenako mzere wina. Kapeti wa pabalaza amadya miyezi yambirimbiri, wina mpaka kudutsa chaka.

Ku Abu Dhabi, mumzikiti wa Sheikh Zayed umene udatsegulidwa mu 2007, muli mmodzi mwa makapeti a manja aakulu kwambiri pa dziko lapansi. Kukula kwake ndi masikweya mita opitirira 5,600, mfundo zake zimaposa 2 biliyoni, ndipo adalukidwa ku Iran, m'chigawo cha Khorasan, ndi anthu pafupifupi 1,200. Dziko loti likadatha kugula makina alionse lidasankha zala za anthu.

Koma makapeti onsewa ndi obwera. Luso la eni dziko lino ndi lina, amalitcha Al Sadu. Amayi a mtundu wa Bedouin, oweta ziweto m'chipululu, ankapota ubweya wa nkhosa, wa ngamira ndi wa mbuzi, n'kuwomba pa mtanda woyala pansi. Mitundu yake ndi yakuda, yoyera, yofiira ndi yotuwa, yokhala ndi mizere ndi timakona. M'menemo ndimo munkachokera mahema, zoyala pansi, mitsamiro ndi zokongoletsera ngamira. Amuna ankameta ziweto, amayi n'kumasonkhana m'timagulu, uku akupota uku akucheza. Kenako mafuta adatulukira, ku Dubai kuno mu 1966, anthu adasamukira m'nyumba za simenti, atsikana adapita kusukulu ndi kumaofesi, ndipo luso lidatsalira kwa agogo okhaokha. Pofika 2011 bungwe la UNESCO lidaika Al Sadu ya United Arab Emirates pa mndandanda wa miyambo yofunika kuipulumutsa mwachangu. Tangoganizani dziko lolemera chonchi kukavomera pamaso pa mayiko anzake kuti chinthu chake chili pafupi kufa. Lero ku Qasr Al Hosn ku Abu Dhabi kuli House of Artisans, komwe amayi amawomba anthu akuonerera ndi kuphunzira, ndipo bungwe la Al Ghadeer limaphunzitsa amayi ntchito za manja ndi kuwagulitsira. Amalukanso tinsamba ta kanjedza kupanga timikeka tozungulira todyerapo, ndipo nditationa koyamba ndidayesa tachokera ku Mangochi.

Ife zoterezi zidatichitikirapo kale, kungoti sitizikamba. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Nsalu ya machila inali malonda enieni m'chigwa chimenecho. Nsalu za m'mafakitale a kunja zitadzaza m'masitolo, mitanda yowombera idaguga pakhonde, ndipo lero funsani mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje ngati adaonapo munthu akuwomba nsalu. Thonje tikulimabe, koma luso lija lidapita ndi eni ake kumanda. Mphasa ndi mkeka zalowa njira yomweyo.

Amalume anga ku Salima ankasoka mphasa. Ankadula bango kudambo nthawi ya chilimwe, kuling'amba, kuliyanika, kenako n'kumalitunga ndi chisingano chachitali ndi chingwe chopota okha pantchafu. Mphasa yawo inkagonedwa, kuyanikidwapo ufa, kukhalidwa ndi alendo, osatha msanga. Ana awo palibe ndi mmodzi yemwe adaphunzira, ndipo sindingawanene. Munthu ungataye masiku kudambo, minga ndi misundu zikukupeza, kuti pamsika wogula akakunyoze mtengo ngati ukupempha? Mnyamata amaona bwino kukapalasa kabaza.

Wina anena kuti pulasitiki ndi wotchipa, amachapika, sasunga nsikidzi, ndipo mayi wa kumudzi alibe ndalama zogulira chikhalidwe. Zoona zimenezo. Mphasa singapambane pa mpikisano wa kutchipa, monganso kapeti wa ku Kashan sangapikisane ndi wa makina wa ku msika wa Dragon Mart. Ogulitsa makapeti a manja adazindikira zimenezi kalekale ndipo sayesa n'komwe. Adasankha ogula ena, n'kuwaphunzitsa kuona kusiyana. Chida chawo chachikulu ndi dzina la malo. Ifenso nzeru imeneyi timaidziwa pa zakudya: mpunga wa Kilombero, khofi wa Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo, ndipo timalipira mokwera osadandaula. Nanga bwanji mkeka wa mlaza wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa kunyanja umangokhala mkeka basi, wopanda kwawo, wopanda woluka? Mipando yathu yoluka ija ikafika ku South Africa ndi ku Ulaya imagulitsidwa ndi dzina loti Malawi chair, umboni woti dzina limayenda. Vuto ndi lakuti ndalama yaikulu imathera kwa amene ali ndi sitolo kunjako.

Apa ndiye pofunika kusamala, chifukwa malonda a makapeti a manja ali ndi mbiri yakuda. Za kapeti wa mumzikiti uja timamva dzina la amene adajambula maluwa ake, Ali Khaliqi, koma a anthu 1,200 aja sitiwamva. Ku Pakistan, India ndi Nepal ana akhala akugwiritsidwa ntchito yomanga mfundo kuti abweze ngongole za makolo awo. Iqbal Masih, mnyamata wa ku Pakistan amene adathawa ukapolo woterewu n'kuyamba kuulula, adaphedwa mu 1995 akadali mwana. Kailash Satyarthi wa ku India adayambitsa chizindikiro cha Rugmark, chimene pano chimatchedwa GoodWeave, chotsimikizira wogula kuti kapeti sadalukidwe ndi ana, ndipo mu 2014 adalandira mphotho ya Nobel ya mtendere. Choncho ndikamati titengere nzeru za kuno sindikunena kuti tikweze mtengo wa mkeka kuti alemere ndi mavenda a m'tauni. Kapepala komata pa mkeka kazitchula boma, mudzi ndi gulu la oluka, ndipo gululo lizidziikira lokha mtengo.

Poyambira tili napo. Ku Bangwe mumzinda wa Blantyre kuli fakitale yowomba ndi manja imene bungwe la MACOHA lidakhazikitsa, komwe anthu aulumali akhala akupanga makapeti ndi nsalu zopachika pakhoma kwa zaka zambiri. Ndi Amalawi angati amene adapondako kukagula? Boma lidakhazikitsa Buy Malawi Strategy mu 2016, koma ambirife tidangoimva ngati nkhani yovala chitenje Lachisanu. Kuno mlendo akamalowa m'malo a boma kapena m'mahotela ena amakumana ndi mizere ya Al Sadu pa mitsamiro ndi pa makoma, chifukwa akuluakulu adaganiza dala kuti azigula kwa amayi awo.

Oluka athu nawonso ali ndi zoti akonze. Mwini hotela akafuna mikeka makumi asanu amafuna yofanana muyeso, ya m'mphepete mosayoyoka, youma bwino kuti isachite nkhungu, ndiponso yofika tsiku lomwe adagwirizana. Izi n'zophunzitsika, ndipo masukulu a ntchito za manja a pansi pa TEVETA angaziike pambali pa ukalipentala ndi utelala, aphunzitsi ake n'kukhala achikulire omwe adakalipowa, olipidwa ngati aphunzitsi ena onse.

Ogula oyamba asakhale azungu odzaona nyanja. Akhale maofesi a boma, akazembe athu kunja, mahotela a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, ndi ife tomwe tili kunja kuno amene tikumanga nyumba kumudzi. Makontena amene ndimatumiza amabwerera kuno ambiri ali opanda kanthu, ndipo mpaka lero palibe wamalonda wa kwathu amene adandifunsapo mtengo wobweretsera mikeka ku Dubai.