Mfuti, galu ndi nkhalango: mkangano wa kumidzi ya ku Britain

Pa 1 Okutobala chaka chilichonse, lamulo la ku England limatsegula nyengo yowombera mbalame yotchedwa pheasant, ndipo limaitseka pa 1 Febuluwale. Mbalameyi ndi ya m'banja limodzi ndi nkhwali. Tambala wake ali ndi mchira wautali ndi nthenga zofiira zonyezimira, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Asia. Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi la 1831, ndipo mpaka lero limaletsa kuwombera mbalamezi Lamlungu ndi tsiku la Khirisimasi. M'miyezi inayi yachisanu imeneyi, midzi ya ku Devon, Norfolk ndi Yorkshire imachita phokoso la mfuti, mawezulo ndi agalu. Ena amati umenewu ndiye moyo wa kumudzi. Ena amati ndi nkhanza za anthu olemera zimene zinayenera kutha kalekale.

Amene anapitako ku uzimba sangavutike kumvetsa mmene tsikulo limayendera, kupatula kuti kuno wina amalipira ndipo wina amalipidwa. Owombera, kawirikawiri asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono, amaima pamzera kunja kwa nkhalango, aliyense pa chikhomo cha nambala yake. Mkati mwa nkhalango mumalowa gulu lovumbulutsa mbalame: alimi, achinyamata a sukulu, agogo opuma pa ntchito. Amayenda pang'onopang'ono akugogoda mitengo ndi ndodo, agalu aang'ono a mtundu wa spaniel akufwenkhafwenkha m'zitsamba, mpaka mbalame ziuluke kudutsa pamwamba pa mfuti. Kumbuyo kwa owombera kumaima anthu otola, aliyense ndi agalu ake a Labrador.

Galu wotola ndi wofunika kumuonetsetsa. Mfuti zikulira, iye amakhala pansi chete, maso ali m'mwamba, kuloweza pamene mbalame iliyonse yagwera. Sasuntha mpaka mbuye wake atamutuma. Mbalame ikagwera kutsidya la mtsinje kumene sanaone, mbuyeyo amaimba wezulo kamodzi, galu n'kuima, n'kucheuka, n'kutsatira mkono umene waloza. Akaipeza amainyamula mosaluma, kufika nayo m'manja mwa mwini wake khungu lisanabooke. Kuphunzitsa galu kufika pamenepa kumadya miyezi yambiri, tsiku ndi tsiku, mvula ndi chisanu. Ntchito yake yaikulu ndi kupeza msanga mbalame yovulala imene yathamangira m'minga kuti isazunzike usiku wonse. Eni agalu ambiri sagwira n'komwe mfuti. Chimawadzutsa m'mamawa ndi galuyo.

Nyengo ikatha, nkhalango imasanduka ya anthu a macheka a injini. Pheasant sakonda nkhalango yamdima, yozizira, yopanda zitsamba pansi. Choncho mwini malo amalemba ntchito anthu odula mitengo kuti apatulire mitengo yothithikana, alambule tinjira totakata tolowetsa dzuwa, adule mitengo ya hazel patsinde kuti iphukenso ndi nthambi zambiri, ndiponso akonze mipanda yamitengo ya m'malire mwa minda. Ntchitoyi yakula chifukwa cha matenda a mitengo ya ash, amene anatsimikizika m'dzikomo mu 2012. Mtengo wogwidwa ndi matendawa umauma kuyambira kunsonga, ndipo nthambi zake zimathyoka mosachenjeza. Wodula mitengo amene anazolowera kukwera ndi zingwe, macheka akulendewera m'chiuno, tsopano amayamba wauzungulira mtengowo, kuyang'ana tsinde ngati lawola, n'kuganiza kawiri asanaukhulupirire ndi moyo wake. Nthawi zambiri amaitanitsa makina omukweza m'mwamba, ndipo zimenezo ndi ndalama. M'malo ambiri ndalamazo zimachokera kwa owombera aja. Munthu yemweyo amene amadula mitengo mu Malichi ndi amene amavumbulutsa mbalame mu Disembala.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya oikira kumbuyo masewerawa, monga bungwe la British Association for Shooting and Conservation. Britain ndi dziko losauka nkhalango. Mitengo imaphimba pafupifupi magawo 13 okha pa 100 a nthaka yake. Mlimi amene sapindula kanthu ndi kankhalango ka pamunda pake alibe chifukwa chokasamalira. Koma ngati kankhalangoko kamabweretsa alendo olipira, amakasunga, amadzala mitengo ina, amasiya mizera ya mbewu yosakolola m'mphepete mwa minda, ndipo mbalame zina zing'onozing'ono zimadya nawo nthawi yachisanu. Mlonda wa mbalame, amene Angerezi amamutcha gamekeeper, amachepetsanso nkhandwe ndi akhwangwala. Kafukufuku wa bungwe la Game & Wildlife Conservation Trust ku Otterburn, m'chigawo cha Northumberland, anapeza kuti mbalame zoikira pansi monga curlew ndi lapwing zimaswa bwino kwambiri kumene zilombozi zachepetsedwa. Palinso nkhani ya m'thumba. Alendo oyendera malo akatha mu Novembala, mahotela ang'onoang'ono ndi malo omwera mowa a m'midzi amadalira owombera. Kwa mlimi wokhala yekha kuphiri, tsiku lovumbulutsa mbalame ndi mwayi wocheza ndi anzake pa chakudya chotentha.

Koma walira mvula walira matope. Mbalame zambiri za pheasant sizibadwira m'tchire. Zimaswedwa ndi makina, zimaleredwa m'makola, zambiri zimachokera ku France zili mazira kapena anapiye, kenako zimatulutsidwa m'nyengo yotentha. Chiwerengero chake pachaka ndi mamiliyoni makumi angapo, ndipo zimene zimawomberedwa sizifika theka. Zotsalazo zimagundidwa ndi magalimoto, zimafa ndi matenda kapena kudyedwa ndi nkhandwe. Otsutsa amafunsa funso lovuta kuyankha: kodi chakudya chochuluka choterechi sichikuchulukitsa nkhandwe zomwezo zimene mlonda akuti akulimbana nazo? Pafupi ndi makola odzaza kwambiri, zomera za pansi zimapondedwa ndipo zitosi zimasintha nthaka. Bungwe la Wild Justice, limene womenyera zachilengedwe Chris Packham ndi anzake anakhazikitsa mu 2019, linatengera boma kukhoti pa nkhaniyi, ndipo kuyambira 2021 ku England kutulutsa mbalame m'malo ena otetezedwa, kapena mamita 500 pafupi nawo, kumayendera chilolezo.

Nkhani ya mtovu ndiyo inawachititsa manyazi kwambiri owombera. Tizipolopolo ta mtovu tikagwera pansi, mbalame zimatimeza ngati timiyala n'kudwala, ndipo tizidutswa take timatsalira mu nyama imene anthu amadya. Mu 2020 mabungwe a owombera analonjeza okha kuti pofika zaka zisanu adzakhala atasiya mtovu. Akatswiri a ku Cambridge ankagula pheasant m'masitolo chaka ndi chaka n'kumaziyeza, ndipo pafupifupi zonse zinkapezeka zitaphedwa ndi mtovu womwewo. Mu 2025 boma linalengeza kuti liuletsa mwalamulo. Wina akadzanena kuti owombera angathe kudzilamulira okha, nkhani imeneyi idzamutsutsa.

Kumapiri a kumpoto kwa England ndi ku Scotland mkangano ndi wotentha koposa. Kumeneko amawombera red grouse, mbalame yam'tchire yosawetedwa, kuyambira pa 12 Ogasiti mpaka pa 10 Disembala. Kuti ichuluke, alonda amatentha zitsamba za heather m'zigawo kuti ziphuke zanthete, ndipo asayansi ambiri akuti kutentha pa nthaka yachinyezi yosunga mpweya wa kaboni kumaiwononga. Choipitsitsa n'chakuti mphamba wotchedwa hen harrier, amene amadya anapiye a grouse, wakhala akuphedwa mobisa ngakhale ndi wotetezedwa ndi lamulo. Bungwe loteteza mbalame la RSPB lakhala likudandaula kuti mbalame zomangiriridwa zida zolondolera zimasowa mwadzidzidzi pafupi ndi malo owomberako. Si mlonda aliyense amene amachita zimenezi, koma zachitika mokwanira moti mu 2024 nyumba ya malamulo ya ku Scotland inakhazikitsa lamulo loti malo owomberako grouse azikhala ndi chilolezo chimene chingalandidwe, ndiponso inaletsa misampha ya waya.

Tikaika zonsezi pa sikelo, zimaoneka kuti mbali ziwirizi nthawi zambiri sizikamba za chinthu chimodzi. Woikira kumbuyo amakhala akuganiza za gulu la alimi limene limatulutsa mbalame mazana ochepa, kuwombera makumi angapo patsiku, aliyense n'kupita kunyumba ndi ziwiri zokaphika. Wotsutsa amakhala akuganiza za malo amalonda kumene mlendo wochokera ku London amalipira mapaundi makumi angapo pa mbalame iliyonse, ndipo gulu limodzi limagwetsa mbalame 300 kapena 400 dzuwa lisanalowe, zochuluka moti msika wa nyama umalephera kuzimeza, mpaka nthawi zina mitembo yake yapezeka itatayidwa m'tchire. Onse awiri akunena zoona. Ubwino wa pa nkhalango umachokera ku ntchito ya macheka, ya kudzala ndi ya kusamala mipanda, ndipo ntchitoyo siwonjezeka chifukwa choti mbalame zachuluka kakhumi. Zoipazo ndizo zimakula limodzi ndi chiwerengero. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maganizo anga ndi akuti kuletseratu kungakhale kulakwitsa, chifukwa amene akufuna kuletsa sananene momveka kuti ndani adzalipire wodula mitengo uja mfuti zikadzakhala chete. Boma lili ndi thandizo la zankhalango, koma silifika pa kankhalango kalikonse. Kusiya zinthu mmene zilili kungakhalenso kulakwitsa. Njira ya ku Scotland ndi yanzeru, ndipo England angaitengere ngakhale pa pheasant: chilolezo kwa aliyense wotulutsa mbalame, malire a chiwerengero molingana ndi kukula kwa nkhalango, kaundula wa mbalame zotulutsidwa ndi zophedwa, umboni woti nyama yonse yapita ku mphika, ndi kulanda chilolezo kumene mphamba waphedwa. Magulu ang'onoang'ono a m'midzi sangavutike ndi malamulo oterewa chifukwa ambiri akuwatsata kale. Amene angakuwe kwambiri ndi amalonda akuluakulu, ndipo ndi iwowo amene achititsa kuti anthu a m'tauni aziipidwa ndi aliyense wonyamula mfuti kumudzi.